Matabuleti a m'kalasi akamagona pa tchaja n'kudzuka opanda moto

Ana a Sitandade 2 akhala pansi, mahedifoni ali m'makutu, aphunzitsi akugawa matabuleti. Pasanathe mphindi khumi, manja ayamba kukwezedwa: yanga yathima, yanga ikuonetsa kofiira. Dzulo madzulo matabuleti onse analumikizidwa pa tchaja ndipo kabati inakhomedwa. Zikachitika kawiri katatu, pasukulu pamamveka mawu amodzi okha akuti sola yafa, ndipo phunziro limaima kudikira mmisiri amene mwina afika mwezi wamawa.

Kawirikawiri sola imakhala isanafe. Moto ukamachoka pa denga umadutsa mu kontirola (kabokosi koyendetsa moto wolowa ndi wotuluka m'batire), batire lalikulu, fyuzi, bokosi la mabowo a USB ndi chingwe usanafike m'tabuleti, ndipo malo aliwonsewa akhoza kuutaya. Pomwe pamatayika moto nthawi zambiri ndi pa zinthu zotsika mtengo kwambiri, monga chingwe ndi fumbi, kapena pa zinthu zomwe anthu amalumikiza madzulo aphunzitsi aakulu atapita.

Sukulu zambiri za pulayimale zalandira matabuleti kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, imene Unduna wa Zamaphunziro unayamba mu 2023 kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira kuwerenga ndi masamu pa pulogalamu ya bungwe la onebillion. Zina zinalandira kwa mabungwe, mipingo kapena anthu omwe anaphunzira pasukulupo kale. Ngati zida zanu zinabwera ndi mmisiri wake ndi malamulo ake, bokosi lomata musalitsegule, chifukwa mukhoza kutaya ufulu wokonzeredwa kwaulere. Komabe zambiri mwa zomwe zili m'munsimu zimachitika popanda kumasula sikuluwu ndi imodzi yomwe.

Funso loyamba: ndi onse, kapena ndi ena?

Musanakwere pa denga, tengani tepi ya pepala ndi cholembera. Lembani nambala pa tabuleti iliyonse, ndipo nambala ina pa chingwe chilichonse cha m'kabati. Kwa masiku atatu, lembani m'kope moto umene tabuleti iliyonse ili nawo poilowetsa ndi poitulutsa, pamodzi ndi nambala ya chingwe chomwe inagonapo. Ntchito imeneyi imaoneka yotopetsa, koma ndi imene imagawa vutoli patatu.

Ngati omwe akudzuka opanda moto ndi matabuleti omwewo, ngakhale muwasinthire zingwe, vuto lili m'matabuletimo. Ngati ndi tabuleti iliyonse yomwe yagona pa chingwe nambala 7 kapena pa mzere wapansi, vuto lili pa chingwe kapena pa bokosi la USB. Ngati onse akudzuka ali pakati, wina 40%, wina 55%, ndiye kuti magetsi anaduka usiku onse asanakhute, ndipo mufufuze batire lalikulu, kontirola ndi mapanelo.

Njira yachidule ndi yosinthanitsa. Tengani tabuleti yosatchajika muiike pa chingwe chomwe dzulo chinadzaza inzake, ndipo inzakeyo muiike pa chingwe chokayikitsacho. Vuto likasamuka ndi tabuleti, mwadziwa. Likatsala pa chingwe, mwadziwanso.

Zingwe ndi timabowo

Apa ndi pomwe pamabisala mavuto ambiri, ndipo chimasocheretsa anthu ndi kachizindikiro ka mphenzi pa sikirini. Kachizindikiroka kamangonena kuti magetsi akufika, sikanena kuti akufika ochuluka bwanji. Chingwe chabwino chimadutsitsa 1.5A mpaka 2A pa 5V, zomwe ndi pafupifupi 10W (A ndi kuchuluka kwa magetsi odutsa, V ndi mphamvu yowakankha, ndipo W ndi ziwirizi zitachulukitsidwa). Chingwe chotopa, chomwe timawaya take tambiri tinaduka m'kati pafupi ndi mutu, chikhoza kudutsitsa 0.4A yokha, kutanthauza 2W. Tabuleti yomwe ikanakhuta m'maola awiri imafuna maola asanu ndi awiri kapena kuposa. Ikakhala kuti sikirini yake inasiyidwa yoyaka, moto wolowa ndi wotuluka umangofanana, ndipo m'mawa muipeza pomwe munaisiya.

Kachida kotchedwa USB tester, kofanana ndi flash kukula kwake, kamaikidwa pakati pa bowo la tchaja ndi chingwe ndipo kamaonetsa manambala awiri, a V ndi a A. Ogulitsa zida za mafoni m'matauni amakhala nako, ndipo kamodzi kakwanira sukulu yonse. Yezani pa tabuleti yomwe moto wake uli pansi pa 50%, chifukwa ikadutsa 80% imayamba kuchepetsa yokha moto wolowa, ndipo mukhoza kunamizira chingwe chosalakwa. Mukaona nambala ikudumphadumpha pamene mukugwedeza chingwe pafupi ndi mutu, chingwecho chatha ntchito. Chiduleni ndi sizasi musanachitaye. Chikasiyidwa chathunthu pawindo, mawa wina achibwezera m'kabati.

Pogula zatsopano, sankhani zazifupi, zosapitirira mita imodzi, ndi zonenepa. Chingwe chachitali chopyapyala chimadya mphamvu panjira: pa tchaja pamatuluka 5V koma ku tabuleti kumafika 4.5V, ndipo tabuleti ikaona choncho imachepetsa moto womwe ikukoka.

Kabowo ka tabuleti nakonso kamadzaza. Ana ambiri amakhala pansi, m'manja muli fumbi, choko ndi zinyenyeswa, ndipo nthawi iliyonse chingwe chikalowa chimakankhira zonsezi m'kati mpaka zimaumbana ngati dothi la chulu. Chizindikiro chake ndi chakuti mutu wa chingwe sulowa wonse, sugwira, umagwa wokha mukapendeketsa tabuleti. Thimitsani tabuleti, unikani ndi tochi ya foni, ndipo tokosani pang'onopang'ono ndi kachotokosera m'mano kamtengo kapena kapulasitiki. Singano, phini kapena waya ayi: zachitsulo zimagunditsa magetsi ndi kupinda kalilime ka m'katimo. Mabowo a micro-USB, aja olowa mbali imodzi yokha, amaonongeka msanga chifukwa ana amakakamiza chingwe chozondoka. Dontho la penti kapena la polishi ya zikhadabo pa mbali yoyang'ana kumwamba ya mutu wa chingwe limachepetsa vutoli kwambiri. Kuposa apo, ntchito yolumikiza isakhale ya ana a Sitandade 1.

Bokosi la mabowo ambiri lili ndi malire ake. Werengani kuseri kwake. Ngati palembedwa mabowo 10 ndi 60W, ndiye kuti onse akadzaza, tabuleti iliyonse imalandira 6W yokha. Limeneli si vuto ngati nthawi ilipo, koma wina akawonjezera kabokosi kena pa bowo limodzi kuti pakwane matabuleti anayi, anayiwo amagawana chakudya cha mmodzi.

Vuto likakhala m'tabuleti

Yoyamba kuyang'ana ndi yosavuta: kodi imathimitsidwa, kapena imangogonekedwa? Kudina batani kamodzi kumangozimitsa sikirini. Kuithimitsa kwenikweni kumafuna kugwira batanilo mpaka pabwere mawu ofunsa. Kuwala kwa sikirini ndiko kumadya moto kuposa china chilichonse, choncho ngati pulogalamu ikulola, kuikeni pakati. Wi-Fi ndi Bluetooth zikhale zothima ngati phunziro silizifuna.

Tabuleti yomwe imafika 100% m'mphindi 30 zokha, kenako n'kuthima ili pa 30% kapena 40%, batire lake lakalamba. Silisunganso moto wambiri, n'chifukwa chake limakhuta msanga n'kumva njala msanga. Palibe chomwe mungasinthe pa sikirini kuti libwerere mwakale. Lembani nambala yake, ipite kokasintha batire.

Ikani tabuleti iliyonse pa tebulo losalala kamodzi pa teremu. Ngati ikugwedezeka ngati mbale yopindika, kapena galasi layamba kunyamuka m'mbali, batire lafufuma. Imeneyo isalowenso m'kabati, isatchajidwenso, ndipo mwana asaigwire. Musaiboole, musaipanikize kuti ibwerere. Ikani pamalo ozizira, pa simenti kapena m'ndowa yachitsulo momwe muli mchenga wouma, kutali ndi mabuku, mpaka oyenera adzaitenge. Batire la lithium likayaka silizima msanga, ndipo utsi wake ndi woopsa.

Kutentha ndi chinthu chomwe anthu ambiri sachiganizira. Mabatire amenewa safuna kutchajidwa kutentha kukapitirira madigiri 45, ndipo matabuleti ambiri amasiya okha kulandira moto akatentha choncho. Kabati yachitsulo yotseka, matabuleti 40 opanikizana m'zikwama zawo za labala, m'chipinda cha malata chopanda siling'i mwezi wa Okutobala ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Salima, imafika pamenepo mosavuta. Ngati vuto limakula nyengo yotentha n'kuchepa mvula ikagwa, pisani dzanja m'kabati masana. Siyani mpata wa chala pakati pa matabuleti, musatseke timabowo ta mpweya ndi makatoni, ndipo kabati ichoke pakhoma lomwe dzuwa la madzulo limawomba.

Masamu a moto

Onse akamadzuka osakhuta, musanaloze chala chida chilichonse werengani kaye moto wolowa ndi wotuluka. Muyezo wake ndi Wh, kutanthauza ma watt kuchulukitsa ndi maola.

Tabuleti ya batire la 5,000 mAh imasunga pafupifupi 19 Wh, tingoti 20. Matabuleti 40 akabwerera m'kabati ali pa 30%, iliyonse ikufuna 14 Wh, onse pamodzi 560 Wh. Panjira pamatayika moto wina ngati kutentha, choncho werengerani 700 Wh pa tsiku.

Kumbali yolowa, panelo ya 100W imapereka pafupifupi 400 Wh pa tsiku la dzuwa labwino kuno kwathu. Mapanelo atatu otere apereka 1,200 Wh. Tsiku lomwe kumwamba kwatseka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mapanelo omwewo akhoza kupereka gawo limodzi mwa magawo anayi, pafupifupi 300 Wh, kapena kucheperapo. Batire la asidi kapena la gel lolembedwa 12V 100Ah limasunga 1,200 Wh papepala, koma lotere siliyenera kutsitsidwa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye zanu zenizeni ndi 600 Wh. Mwaona kale kuti masiku awiri a mvula yamvumbi mu Januwale, kapena a chiperoni ku Thyolo ndi ku Mulanje mu Juni, akwanira kugwetsa zonse popanda chida chilichonse kuonongeka.

Tsono wonjezerani zomwe sizilembedwa paliponse. Foni imodzi imatenga 10 Wh mpaka 15 Wh. Mafoni 20 a aphunzitsi, a m'nyumba mwawo, a mlonda ndi a oyandikana ndi sukulu ndi 300 Wh. Inveta, chida chosandutsa magetsi a batire kukhala onga a ESCOM, ikangosiyidwa yoyaka popanda cholumikizidwa imadya yokha, ina 10W, ina 20W. Pa 15W kwa maola 14 a madzulo ndi usiku ndi 210 Wh. Babu la 10W loyaka usiku wonse ndi 120 Wh. Zitatuzi pamodzi ndi 630 Wh, pafupifupi chakudya cha kalasi yonse. Simbi yamagetsi, ketulo kapena wailesi yakanema yoonera mpira Loweruka sitikuziwerenga n'komwe. Simbi yokha imakoka 1,000W kapena kuposa.

Nkhani ya mafoni ndi yovuta kuikamba chifukwa kumudzi komwe kulibe magetsi, kukaniza mnzako kutchaja kumaoneka nkhanza, ndipo lamulo loletseratu nthawi zambiri limangosandutsa kutchajako kukhala kwa usiku mobisa, nthawi yomwe kumapweteka batire kwambiri. Chothandiza ndi kugwirizana pa msonkhano wa aphunzitsi ndi komiti ya sukulu: mafoni atchajidwe masana okha, dzuwa lili pamutu, matabuleti atakhuta kale, pa mabowo owerengeka, ndipo nyengo ya mitambo asatchajidwe konse. Ngati eni ndondomeko analetseratu, lamulo lawo ndilo liyende. Kiyi wa chipinda akhale ndi munthu wodziwika, ndipo inveta ithimitsidwe potseka.

Nthawi yotchajira nayo ndi nkhani yaikulu. Kutchaja usiku kumatanthauza kuti moto uyambe walowa m'batire lalikulu kenako utulukemo, ndipo ulendo umenewu umataya gawo lina n'kumakalambitsa batirelo tsiku ndi tsiku. Kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana mapanelo amakhala pa mphamvu zake zonse. Ngati ndandanda ikulola kuti matabuleti abwerere pa tchaja ana aang'ono akangoweruka, kapena pakati pa gulu lina ndi linzake, moto wambiri umachokera pa denga mwachindunji, ndipo batire limagona lokhuta.

Kontirola ndi batire lalikulu

Pali chinthu chimodzi chomwe chimazunguza anthu: potseka 4 koloko zonse zinali kuyaka, m'mawa zonse zikuyakanso, koma matabuleti ali pa 50%. Chachitika ndi chakuti dzuwa litalowa, batire linatsika kufika pa mlingo womwe kontirola imadula magetsi kuti ilitchinjirize, nthawi zambiri pakati pa 11V ndi 11.5V. Dzuwa litatuluka batire linakwera, kontirola n'kubwezeretsa magetsi inu musanafike. Kuti mugwire zimenezi, pemphani mlonda kapena mphunzitsi wokhala pafupi aone nambala ya pa kontirola 7 koloko ndi 9 koloko usiku, komanso mbandakucha.

Makontirola ambiri otsika mtengo, aja okhala ndi kasikirini ndi mabatani atatu, ali ndi malo osankhira nthawi yotulutsa magetsi, chifukwa anapangidwanso kuti aziyatsa mababu a panja. Pakalembedwa 24H, magetsi amatuluka nthawi zonse. Pakakhala nambala ina, amatuluka dzuwa likalowa basi, mwina kwa maola ochepa. Munthu wongodinadina mabatani akhoza kusintha zimenezi osadziwa. Pamalo pomwepo pamasankhidwanso mtundu wa batire. Likakhala la lithium koma kontirola ikuliyesa la gel, silidzaza bwino. Jambulani ndi foni zomwe mmisiri anaika tsiku loyamba, chithunzicho chisungidwe.

Poyeza batire la asidi kapena la gel la 12V, ikani multimeter, chida choyezera magetsi, pomwe palembedwa DC 20V, waya wofiira pa +, wakuda pa −. Yezani litapuma kwa ola limodzi, losatchajidwa komanso losakokedwa. Mbandakucha zonse zitathimitsidwa ndi nthawi yabwino. Likaonetsa 12.6V mpaka 12.8V ndi lokhuta. Pa 12.2V lili pa theka. Pa 12.0V kapena kutsika apo lili ndi njala yoopsa. Likamangokhala pafupi ndi 10.5V ngakhale litatchajidwa, chipinda chimodzi mwa zisanu ndi chimodzi za m'kati mwake chafa, ndipo batirelo ndi lotaya. Masana dzuwa lili bwino muyenera kuona nambala ikukwera mpaka 14V ndi kupitirira pang'ono, kenako n'kutsika kukhazikika pafupi ndi 13.7V. Ngati sifika pamenepo kwa sabata yathunthu, batire silikukhuta, ndipo batire la asidi lokhala ndi njala nthawi yaitali limauma m'kati n'kulephera kulandiranso moto.

Nambala yokha ikhoza kunama. Batire lotopa limakwera msanga masana n'kuoneka lokhuta, kenako limagwa likangopatsidwa ntchito. Liyeseni ndi katundu wodziwika: babu la kutsogolo kwa galimoto la 12V 55W limakoka pafupifupi 4.5A. Batire la 100Ah lamoyo, lokhuta, limalinyamula kwa maola angapo lili pamwamba pa 12V. Lakufa limatsika pansi pa 11.5V m'mphindi zochepa. Mabatire a lithium a mtundu wa LiFePO4 ndi ena: amakhala pakati pa 13.0V ndi 13.3V pafupifupi ulendo wonse, kenako amangozima mwadzidzidzi, choncho kwa iwo dalirani zomwe chida chawo chikuonetsa osati mndandanda wa pamwambapa.

Yang'anani mitu ya batire. Ufa woyera kapena wobiriwira umatchinga magetsi. Chotsani waya wa mapanelo poyamba, kenako wa batire. Pukutani ndi madzi osakaniza ndi soda wophikira, umitsani, mangani molimba ndi kupaka Vaseline pang'ono. Pobwezera, batire lilumikizidwe ku kontirola poyamba, mapanelo pambuyo. Mukazondotsa, makontirola ena amapsa kapena amalephera kuzindikira ngati batire ndi la 12V kapena 24V. Vulani wotchi ndi mphete, ndipo sipanala isakhudze mitu iwiri nthawi imodzi. Batire lokhala ndi zitsekerero zomasula limafuna madzi a batire ogula m'botolo madzi ake akatsika, osati a pamjigo, osati a mvula ya padenga, ndiponso osati asidi. Limatulutsa mpweya woyaka potchajidwa, ndiye kandulo ndi fodya zisayandikire. Mabatire akakhala awiri kapena anayi, musasinthe limodzi lokha: lakale limakokera latsopano pansi ndipo m'miyezi yochepa onse amafanana.

Pa denga

Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la pabwalo la sukulu ndi phulusa la moto wa kutchire zimakuta galasi pang'onopang'ono, moti palibe amene amazindikira tsiku lomwe mphamvu inayamba kutsika. Tsukani kawiri pa mwezi nyengo imeneyi, m'mamawa galasi lisanatenthe, ndi madzi oyera ndi kansalu kofewa. Sopo waufa amasiya nkhungu pagalasi, ndipo mchenga kapena sitiliwulu zimalikanda kosatha. Madzi ozizira pa galasi lotentha masana akhoza kuliswa. Wokwera akhale munthu wamkulu, pa makwerero ogwiridwa ndi mnzake, aponde pomwe pali misomali ya malata, ndipo asaponde panelo. Ophunzira asatumidwe ntchito imeneyi.

Mthunzi waung'ono umaononga kuposa kukula kwake, chifukwa timagawo ta m'panelo tinalumikizidwa motsatizana, ndipo kamodzi kakatsekedwa kamatsamwitsa mzere wonse. Chitosi chimodzi cha khwangwala, tsamba lomatirira, mpira wamapepala womwe unakodwa padenga, kapena nthambi ya mango yomwe inali yaifupi chaka chomwe mapanelo ankaikidwa, zonsezi zimadula mphamvu moonekeratu. Yang'anani denga katatu pa tsiku limodzi: 9 koloko, 12 koloko ndi 3 koloko.

Dziko lathu lili kumwera kwa equator, choncho panelo iyenera kupendekera kumpoto, pafupifupi madigiri 15. Yoikidwa pa mbali ya denga yoyang'ana kumwera imagwira bwino mu Disembala, koma mu Juni ndi Julayi, dzuwa likamadutsa chakumpoto, imafooka kwambiri. Ngati vuto lanu limabwera teremu yachitatu chaka chilichonse ngakhale kumwamba kuli koyera, yambani mwaona mbali yomwe mapanelo ayang'ana. Yogonekedwa chafulati imasunga fumbi ndi madzi m'mphepete.

Kuyeza panelo ndi kosavuta ngati mwaloledwa kumasula mawaya ake ku kontirola. Masana dzuwa lili bwino, yezani pa mawaya awiriwo ndipo yerekezani ndi nambala yolembedwa Voc kuseri kwa panelo. Panelo yaing'ono ya 12V imaonetsa 20V mpaka 22V. Ziro ikutanthauza waya woduka, fyuzi yopsa kapena cholumikizira chomasuka. Mapanelo akuluakulu olumikizidwa motsatizana amafika pa mphamvu yopha munthu. Amenewo asiyireni mmisiri.

Tsatirani waya ndi maso kuchokera padenga mpaka pansi. Makoswe amatafuna pomwe waya wadutsa pamwamba pa khoma, malata akuthwa amamucheka pomwe walowera, ndipo mavu amakonda kumanga zisa zawo zadothi m'mabokosi a fyuzi. Pomwe mawaya anangopotedwa n'kukulungidwa ndi tepi pamachita dzimbiri mvula ikayamba. Pakhudzeni masana, pakatentha ndiye kuti moto ukuthera pamenepo. Kunenepa kwa waya nakonso n'kofunika. Waya wa 2.5 mm² wonyamula 10A pa mtunda wa mamita 10 amataya pafupifupi 1.4V, pamene wa 6 mm² amataya 0.6V. Pa magetsi a 230V kusiyana kumeneku sikuoneka, koma pa 12V ndi kwakukulu.

Sukulu za magetsi a ESCOM zili ndi zake. Magetsi akathima usiku matabuleti amadzuka osakhuta mofanana ndi a sola, ndipo akamabwerera nthawi zina amabwera mwamphamvu n'kuwotcha matchaja. Chotchinjiriza chonga chija cha firiji, chomwe chimadikira mphindi zingapo chisanalole magetsi kudutsa, chiikidwe pakati pa soketi ndi kabati. Mzere wonse ukafa nthawi imodzi, onani fyuzi ya m'pulagi ya mano atatu musanagule china. Muisinthe ndi ya nambala yomweyo, osati kawaya kapena kapepala konyezimira.

Tchuthi

Sabata yoyamba yotsegulira sukulu mu Seputembala ndi yomwe matabuleti ambiri amapezeka atafa, chifukwa cha mmene anasungidwira pa tchuthi chachitali. Apa malamulo a mabatire awiriwa ndi otembenuzana. Matabuleti asungidwe ali pakati pa 50% ndi 60%, othimitsidwa kwenikweni, osalumikizidwa. Akasiyidwa pa 5% amatsika mpaka pomwe tchaja imalephera kuwadzutsa, ndipo akasiyidwa pa 100% pamalo otentha amakalamba msanga. Batire lalikulu la asidi kapena la gel limafuna kukhala lokhuta nthawi zonse, choncho mapanelo ndi kontirola zisiyidwe zolumikizidwa, inveta ndi zonse zokoka moto zithimitsidwe.

Tabuleti yomwe yakana kuyaka potsegulira sukulu musafulumire kuilemba pa zakufa. Iikeni yokha pa tchaja yamphamvu ndi chingwe chomwe mwachiyeza, isiyeni mphindi 30 mpaka ola lathunthu osaigwira, kenako gwirani batani loyatsira kwa masekondi 20 kapena 30. Zambiri zimadzuka. Yomwe yatentha kwambiri pa nthawiyi ichotseni msanga.

Sabata ya mitambo ikakupezani, musalumikize kabati ku batire mwachindunji podumpha kontirola. Mupeza phunziro la tsiku limodzi n'kupha batire lomwe likanatumikira zaka. Tchajani theka la matabuleti kuti akhute, ana agwiritse ntchito mosinthana magulu, kusiyana ndi kuwapatsa onse moto wa mphindi khumi.

Zonsezi zikalephera ndipo mukuitana mmisiri kudzera kwa mphunzitsi wamkulu kapena kwa PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'dera lanu), uthenga wakuti "sola sikugwira" umamubweretsa wopanda zida zoyenera, n'kubwereranso kukatenga. Mulembereni tsiku lomwe vuto linayamba, manambala a matabuleti ndi a zingwe zokhudzidwa, zomwe batire likuonetsa mbandakucha, 12 koloko ndi 9 koloko usiku kwa masiku atatu, mmene kumwamba kunalili masiku amenewo, tsiku lomwe mapanelo anatsukidwa komaliza, ndi zonse zomwe zimalumikizidwa, mafoni omwe. Tumizani pa WhatsApp chithunzi cha sikirini ya kontirola, cha mitu ya batire, ndi cha kapepala ka manambala kuseri kwa panelo.